Kope Lanu Likuti Chiyani? Kalondolondo wa Malonda pa Bizinesi Yaing'ono

Moni amayi a tomato ndi mbatatesi pa Lizulu ndi pa Tsangano. Moni a usipa ku Mangochi ndi ku Nkhotakota, a kaunjika mu Limbe, achimwene a pachiwaya ku Ndirande ndi ku Mchesi, atelala, ometa, a masaluni, ndi inu nonse a maokala ndi magolosale, kumudzi ndi m'tauni momwe. Lero nkhani ndi yanu. Ngati pafika kasitomala mugulitseni kaye, koma khutu limodzi mulisiye kuno.

Ndili ndi mafunso atatu, muwayankhe chamumtima.

Loyamba: pa katundu yense amene mumagulitsa, ndi uti amene anakubweretserani phindu lochuluka mwezi wathawu? Sindikufunsa amene anatuluka kwambiri ayi. Ndikufunsa amene anasiya ndalama zambiri m'thumba mwanu mutachotsera zonse zimene munalowetsa.

Lachiwiri: ndi anthu angati amene anafika pamalo panu sabata yathayi n'kubwerera chimanjamanja, ndipo chinawabweza n'chiyani?

Lachitatu: makasitomala achilendo amene akugulani mwezi uno, za inu anazimva kwa yani?

Ngati onse atatu mwawayankha ndi manambala, muli kutsogolo. Koma ambirife funso loyamba timaliyankha mongoganizira, lachiwiri timangoti "analipo ndithu", pamene lachitatu sitinayambe taliganizirapo. Chonsecho sabata iliyonse timamanga mfundo zodalira mayankho a mafunso omwewa. Ndikaode chiyani, chochuluka bwanji? Mtengo ndikweze kapena ndidikire? Uyu ndimukongoze kapena ndimukanize? Ndalama iyi ndigulire bandulo yotsatsira malonda pafoni, kapena ndilembetse chikwangwani?

Kafukufuku wa FinScope wa m'chaka cha 2019 anapeza kuti eni mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakati m'dziko muno amapitirira 1 miliyoni. Anthu onsewa amadzuka ndi mafunso amenewa, ndipo kuseri kwa yankho lililonse kuli fizi ya mwana, kuli lendi, kuli ndiwo za madzulo. Mfundo yanga lero ndi imodzi: chiganizo cha pabizinesi chizichokera pa zimene mwalemba, osati pa zimene mukukumbukira.

Wina anena kuti, "Ine zonse zili m'mutu, geniyi sindinayambe lero." Sindikutsutsa kuti ntchito yanu mumaidziwa. Koma mutu uli ndi khalidwe lake. Umasunga tsiku lija anthu anakuunjikiranani katundu n'kutha dzuwa lili pamutu. Umasunga kasitomala uja anakulalatirani. Umasunga belo lija linatuluka zovala zabwino zokhazokha. Koma Lachiwiri la pakati pa mwezi, limene munakhala tsiku lonse n'kugulitsa zinthu zitatu, mutu sulisunga. Pamene bizinesi imakula kapena kugwa ndi masiku wamba ngati amenewo, chifukwa ndiwo ambiri.

Ndalama zikayamba kuchepa osadziwika kolowera, tonse tikudziwa mawu amene amabwera pakamwa: "Pali wina akundichita chitaka." Sindinabwere kudzakangana ndi chikhulupiriro cha munthu. Pempho langa n'lakuti musanaloze mnzanu chala, lembani kwa mwezi umodzi chilichonse chochoka pamalonda panu. Paketi ya shuga imene inapita kunyumba. Ya kabaza. Sopo amene alamu anatenga n'kunena kuti "ndidzakuonani". Chipepeso cha pamaliro. Mayunitsi a foni. Kabasela kamene mumaika pa mulu uliwonse. Pakutha pa mwezi muwonkhetse. Mudzaona nokha kuti zambiri mwa ndalama zosowazo zili ndi njira imene zinadzera, ndipo njirayo mukhoza kuitseka.

Kuti muone mphamvu ya kuwerenga, tamvani zimene zinachitika ku Kenya. Akatswiri atatu a zachuma, a Lori Beaman, a Jeremy Magruder ndi a Jonathan Robinson, anafufuza ochita malonda ang'onoang'ono pafupifupi 500 kumadzulo kwa dzikolo, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2014. Iwo ankafufuza vuto limene ife kuno tikulidziwa bwino, lakusowa chenje. Kasitomala wabwera ndi ndalama yaikulu, inu chenje mulibe. Mwina apita kukagula kwa mnzanu, mwina inu musiya malonda n'kumayendayenda kukasinthitsa, kumbuyo kuno ogula ena akubwerera. Anapeza kuti kanthu kameneka kankadya pakati pa 5 ndi 8 peresenti ya phindu la wamalonda.

Chondigwira mtima n'chakuti amalonda amene ofufuzawo ankawayendera kawirikawiri n'kumawafunsa kuti chenje chawasowa kangati anayamba kubwera ndi chenje chokwanira, ndipo ogula obwerera anachepa. Sanapatsidwe ngongole, sanawonjezeredwe mpamba. Vutolo linalipo zaka zonse, koma linayamba kuoneka pamene linayamba kuwerengedwa. Pabizinesi panupo pali zinthu zingati zotere?

(KANYIMBO)

Ngati mwangotsegula wailesi, tikukamba za kalondolondo wa malonda pa bizinesi yaing'ono. Tsopano tione kalembedwe kake.

Simukufunika kompyuta. Kope wamba la ana asukulu ndi cholembera n'zokwanira. Amene muli ndi foni yamakono ndipo munaizolowera, lembani mmenemo, bola muzilemba tsiku lililonse. Kopelo muligawe magawo anayi.

Gawo loyamba ndi la zimene mwagulitsa: tsiku, katundu, kuchuluka kwake, ndi mtengo umene wapitira. Mtengo weniweni, umene mwagwirizana kasitomala atanenerera, osati umene munatchula poyamba. Amene mumagulitsa tinthu tambirimbiri simungalembe machesi alionse akamatuluka. Inu werengani katundu m'mawa ndi madzulo. Mapaketi anali 20, atsala 8, ndiye kuti atuluka 12, ndipo ndalama za mapaketi 12 zioneke. Zolipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba muzilembe pazokha tsiku lomwelo, chifukwa ndalama ya pafoni sichedwa kusakanikirana ndi ya kunyumba.

Gawo lachiwiri ndi la zimene bizinesi yadya. Kuoda katundu, thiransipoti, wonyamula, tikiti ya pamsika, majumbo, makala, magetsi, lendi, katundu wowonongeka, ndi chilichonse chimene mwatengera kunyumba. Osachita manyazi kulemba K200. Ndalama zazikulu munthu amazikumbukira yekha. Zimene zimatha mpamba ndi zing'onozing'onozi.

Gawo lachitatu ndi la ngongole: dzina, tsiku, ndalama, ndi tsiku limene walonjeza kubweza. Katundu wopita pangongole musamuwerenge ngati ndalama yolowa kufikira itafika m'manja. Pakapita miyezi iwiri, tsamba limeneli lidzakuuzani lokha amene amabweza pa nthawi yake ndi amene muyenera kuwauza mwaulemu kuti lero ayi.

Gawo lachinayi ndi limene ambiri salemba, koma ine ndimaliona lofunika koposa: malonda amene sanachitike. Munthu akabwerera osagula, lembani mawu awiri okha. "Mazira, panalibe." "Nsapato, saizi." "Mtengo." "Chenje." "Ndinali nditatseka." Ndalama za m'thumba zimangokuuzani za anthu amene anagula. Tsamba ili ndi limene limakuuzani za ndalama zimene zinafika pakhomo panu n'kupita kwa mnzanu. Ngati sabata imodzi anthu asanu ndi anayi afunsa mazira, simukufunikanso kulota kuti muwonjezere katundu wanji.

Tsopano tione zimene manambala amaulula. Manambala amene nditchulewa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu.

Tiyerekeze muli ndi okala. Pa paketi ya shuga mumapeza K150 yokha, pamene pa botolo la mafuta odzola mumapeza K1,500. Maso amati phindu lili pa mafuta. Koma kope likuonetsa kuti shuga amatuluka mapaketi 10 patsiku, kutanthauza K45,000 pamwezi, pamene mafuta amatuluka mabotolo 4 pamwezi, kutanthauza K6,000. Ndipo mabotolo 12 amene munaodawo akhala pashelefu miyezi itatu, atagwira ndalama imene ikanazungulira kambirimbiri pa shuga. Phindu la katundu siliyezedwa pa chinthu chimodzi. Limayezedwa poona kuti chinthucho chimatuluka kangati, ndipo ndalama yanu imabwerera msanga bwanji.

Palinso mbali ina, ya katundu wothamanga koma wosasiya kanthu. Amayi aoda dengu la tomato pa K40,000. Thiransipoti K5,000, wonyamula ndi tikiti K2,000. Zonse pamodzi K47,000. Powerenga akuona kuti mutuluka milu 60 ya K1,000, ndiye mumtima akuti phindu ndi K13,000. Pofika tsiku lachitatu, tomato wokwana milu 8 waola, ndipo wokwana milu 5 wapita m'mabasela. Yagulitsidwa ndi milu 47. Ndalama yabwerera ndi K47,000 yomwe ija. Masiku atatu padzuwa, pabenchi anthu osatha, phindu palibe. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amayiwa akalemba madengu atatu motsatizana, adzadziwa chochita: kuoda theka la dengu kuti lithe lisanaole, kutsitsa mtengo wa tomato wofewa pa tsiku lachiwiri m'malo momutaya lachitatu, kapena kusungira basela makasitomala okhazikika okha.

Inu a kaunjika, pa belo lililonse lembani masiku awiri: tsiku limene mwalitsegula, ndi tsiku limene ndalama yogulira belolo yabwerera. Zovala zoyamba zimathamanga ndipo zimasangalatsa mtima, koma nkhani yeniyeni ili pa zotsalira. Mukalemba mabelo asanu mudzadziwa kuti la ana limabweza mpamba masiku angati, la madiresi angati, la majekete angati, komanso mwezi wake. Jekete imene anthu amalimbirana mu Juni ndi Julayi, mu Okutobala palibe woiyang'ana.

Pambali pa mtengo umene munaodera, muzilembanso mtengo wooda lero. Tikukumbukira kuti mu Meyi 2022 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Nthawi ngati zimenezo, wogulitsa poyang'ana mtengo wakale amaoneka ngati wapindula, koma akafika kooda amapeza kuti ndalama ya makatoni khumi ikugula asanu ndi awiri. Phindu lenileni ndi limene latsala mutabwezeretsa katundu yemwe uja pashelefu.

(KANYIMBO)

Tafika pa funso lachitatu lija, la kutsatsa malonda. Masiku ano njira zachuluka. Pali chikwangwani cha pamsewu, pali mnyamata woitanira, pali zithunzi za pa WhatsApp, pali Facebook ndi TikTok, pali mawailesi a m'madera, palinso njira yakalekale ya anthu kuuzana. Iliyonse imadya kanthu, kaya ndalama kaya nthawi. Koma ndi ochepa amene amadziwa njira imene ikuwabweretsera ogula. Ambiri timatsatsa chifukwa mnzathu akutsatsa.

Mankhwala ake ndi funso limodzi kwa kasitomala aliyense wachilendo: "Pepani amayi, za ife munazimva bwanji?" Palibe amene amakwiya nalo, ambiri amakondwa kufotokoza. Kumapeto kwa kope jambulani mizere, njira iliyonse mzere wake, ndipo muziika kachizindikiro pamene yankho lagwera. Paja safunsa anadya phula.

Tiyerekeze amayi osoka zovala ku Area 25 mu Lilongwe. Ali ndi chikwangwani, amaika zithunzi za madiresi pa WhatsApp ndi bandulo ya K5,000 pamwezi, ndipo mwezi uno alipira K20,000 kuti malonda awo aonekere anthu ambiri pa Facebook. Pakutha pa mwezi alandira makasitomala atsopano 20. Akaona m'kope, 11 anauzidwa ndi anzawo: wina anaona diresi kutchalitchi, wina paukwati, wina anamva ku banki mkhonde. Asanu anabwera ataona pa WhatsApp, atatu anaona chikwangwani, mmodzi yekha ndiye wa pa Facebook.

Apa masamu ndi osavuta. Gawani ndalama imene njira yadya ndi chiwerengero cha ogula amene yabweretsa. Wa pa WhatsApp aliyense wadya K1,000. Wa pa Facebook wadya K20,000. Anthu 11 aja sanadye kanthu. Amayiwa tsopano akudziwa kuti wotsatsa wawo wamkulu ndi diresi imene ili m'thupi mwa kasitomala wokhutira. Ndiye nzeru n'kusoka kansalu ka dzina ndi nambala ya foni m'kati mwa chovala chilichonse, kumaliza ntchito pa tsiku limene alonjeza, ndi kuthokoza amene wabweretsa mnzake, ngakhale pomuchotserako pang'ono akadzabweranso.

Koma musafulumire kuweruza. Pambali pa kachizindikiro kaja muzilembanso ndalama imene munthuyo wasiya. Bwanji ngati mmodzi wa pa Facebook uja ndi amene anabwera ndi oda ya yunifolomu ya kwaya yonse? Pamenepo K20,000 ija sinapite pachabe. Chiwerengero cha anthu pachokha chikhoza kukunamizani, ndalama pazokha zikhozanso kukunamizani. Muziziona pamodzi, ndipo musamange mfundo yaikulu pa mwezi umodzi. Dikirani iwiri kapena itatu.

Inu amene mumagulitsa pafoni, siyanitsani magulu atatu: oona, ofunsa, ndi ogula. Anthu 300 akhoza kuona chithunzi, 30 n'kufunsa kuti "ndi zingati?", ogula n'kukhala atatu. Oonawo amasangalatsa mtima, koma sagulitsa katundu. Chidwi chanu chikhale pa 27 amene anafunsa n'kukhala chete. Anathawa mtengo? Muli kutali ndipo simunanene kuti mumatumiza? Kapena anafunsa m'mawa inu n'kuyankha usiku atagula kale kwina? Lembani dzina, chimene anafunsa, ndi pamene nkhani inathera. Pakapita masiku awiri mufunseni mwaulemu ngati akuchifunabe. Malonda ambiri amafera pamenepa, pakati pa funso ndi yankho.

Ngati mwalipira uthenga pawailesi ya m'dera lanu kapena mwagawa timapepala, ikanimo chizindikiro. Nenani kuti amene atchule kuti wamva pawailesi achotseredwa K500, kapena kuti abwere ndi kapepalako. Mukatero simudzafunsanso ngati uthengawo unagwira ntchito, mudzangowerenga.

Mukafuna kuyesa chinthu chatsopano, sinthani chimodzi pa nthawi imodzi. Mukatsitsa mtengo, n'kusuntha benchi, n'kuyamba kutsatsa pa WhatsApp sabata yomweyo, malonda akakwera simudzadziwa chimene chawakweza. Ndipo poyerekeza, yerekezani zofanana. Sabata ya malipiro a mwezi muiyerekeze ndi sabata ya malipiro inzake. Januwale ndi Febuluwale, pamene ndalama za anthu zathera ku feteleza, ku fizi ndi kogula chimanga, musawayerekeze ndi Meyi kapena Juni, pamene anthu akolola ndipo fodya akugulitsidwa ku Kanengo, ku Chinkhoma, ku Limbe ndi ku Mzuzu. Telala amene wachulukidwa ntchito ya yunifolomu mu Seputembala asathokoze chikwangwani chatsopano, pamene chabweretsa anthu ndi kutsegulira kwa sukulu. Kope la chaka chino phindu lake lalikulu mudzaliona chaka chamawa, pamene lidzakuuzani mwezi woyenera kuoda katundu wambiri ndi mwezi woyenera kugwira ndalama.

Musaiwalenso obwereza. Ikani kanyenyezi pa dzina la kasitomala amene wabwera kachiwiri. Munthu amene amakugulani sabata iliyonse akasowa milungu itatu, kope likukumbutsani kuti mumufunse ngati kuli kwabwino. Koma nambala ya foni ya munthu muitenge iye atavomera, ndipo musamuponye m'gulu la WhatsApp asanalole. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu payekha, limene linakhazikitsidwa mu 2024. Ngakhale pakanapanda lamulo, ulemu womwewo ndi umene umasunga kasitomala.

(KANYIMBO)

Omvera, kulemba pakokha sikusintha kanthu. Alipo amene makope awo ndi odzaza bwino, koma sanayambe awatsegulapo kuti awerenge. Sankhani tsiku limodzi pa sabata, kaya Lamulungu madzulo, kaya tsiku limene kulibe msika. Khalani pansi theka la ola, mulifunse kopelo mafunso anayi. Ndi katundu uti wandisiyira ndalama zambiri? Ndi uti wangokhala? Anthu obwerera anabwezedwa n'chiyani? Ogula atsopano anadzera njira iti? Mukatero sankhani chinthu chimodzi chokha chimene musinthe sabata ikubwerayo, muchilembe pamwamba pa tsamba latsopano. Sabata yotsatira muyambire pomwepo: chinathandiza kapena ayi?

Ngati mumachita bizinesi ndi akunyumba kwanu, khalani nawo pamenepo. Mikangano yambiri ya m'banja yokhudza ndalama za geni imayamba chifukwa aliyense ali ndi nambala yake m'mutu. Ngati muli ndi wantchito, kope limatetezanso iye, chifukwa munthu wokhulupirika sanamiziridwa pamene zonse zalembedwa.

Ena akuti, "Ine sukulu sindinapite nayo patali." Musadere nkhawa. Ku Dominican Republic, akatswiri ena, a Alejandro Drexler, a Greg Fischer ndi a Antoinette Schoar, anayerekeza maphunziro a mitundu iwiri kwa eni mabizinesi ang'onoang'ono. Gulu lina linaphunzitsidwa kawerengedwe ka ndalama ka m'mabuku. Gulu lina linangopatsidwa malamulo osavuta: ndalama za bizinesi ndi za kunyumba zizikhala m'malo awiri osiyana, mwini azidzilipira malipiro okhazikika, ndipo akabwereka kubizinesi azilemba n'kubweza. Amene anasintha kwambiri kayendetsedwe ka ndalama zawo ndi a malamulo osavutawo, makamaka amene anayamba asakudziwa zambiri za kawerengedwe ka ndalama. Choncho ngati kulemba mawu kumakuvutani, jambulani timizere. Botolo likhale chithunzi cha botolo, kamzere kalikonse kakhale botolo limodzi. Mwana wa Sitandade 6 akhoza kukuwonkhetserani madzulo, ndipo naye akhala akuphunzira.

Ena akuti, "Bizinesi yanga ndi yochepa, ndidzayamba kulemba ikadzakula." Akatswiri enanso awiri, a David McKenzie ndi a Christopher Woodruff, anaunika mabizinesi ang'onoang'ono opitirira 20,000 m'mayiko asanu ndi awiri, kuphatikizapo Kenya, Ghana ndi Nigeria. Anapeza kuti amene amatsata zizolowezi monga kusunga malekodi, kuwerenga katundu, kufunsa makasitomala zimene akufuna ndi kukonzeratu za ndalama, ndi amenenso amagulitsa kwambiri ndi kupeza phindu lochuluka. Wa mpamba waukulu akhoza kulakwitsa kawiri katatu n'kukhalabe pamsika. Wa mpamba wa K50,000 akaoda katundu wolakwika kamodzi, mawa ali kwa katapila. Amene akufunika kope kwambiri ndi wamng'onoyo.

Ndipo tsiku limene mudzafune ngongole, kaya ku banki mkhonde, kaya ku SACCO, kaya kubanki, kope lidzakuthandizani kawiri. Lidzaonetsa okongozawo kuti bizinesi yanu ndi yamoyo. Koma choposa pamenepo, lidzakuuzani inuyo ngati phindu lanu la pamwezi lingakwanitse kubweza ngongoleyo ndi chiwongoladzanja chake, musanasaine.

Ndiye ntchito ya sabata ino nayi. Mawa gulani kope. Musadikire kuyamba kwa mwezi. Ngati magawo onse akukuchulukirani, yambani ndi awiri: zimene mwagulitsa, ndi anthu amene abwerera osagula. Kasitomala wachilendo aliyense mumufunse kumene anamva za inu. Pakatha masiku asanu ndi awiri khalani pansi, muwerenge, musinthe chinthu chimodzi. Mukapitiriza chotero kwa miyezi itatu, pokaoda katundu mudzapita mukudziwa chimene mukukagula ndi chifukwa chake, ndipo ndalama yotsatsira malonda mudzaiika pamene mwaona ndi maso anu kuti pamabwera ogula.

Malonda akuyendereni bwino sabata ino, ndipo tidzakumanenso nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino.